Matapeti a Pikapu ya a Kambalame

Nkhani iyi anandiuza ndi a Dafuleni eni ake, tikuotha moto pa maliro ena ku Tsangano. Amene amawadziwa a Dafuleni avomereza kuti si munthu wokometsera nkhani. Amayankhula pang'ono, maso ali pansi, ndipo tsiku limenelo atafika pakati pa nkhaniyi anaima kaye, nacheukira kumbuyo, kenako n'kupitiriza.

Mkulu wawo wa a Dafuleni anali a Jositoni Kambalame a m'mudzi wa Mphanje, kumtunda kuja kumene nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera. A Kambalame anali ndi pikapu yakale, yoyera kalekalelo koma itasanduka yotuwa ngati phulusa. Inali galimoto yokhayo m'mudzi monsemo. Inkanyamula kachewere kupita naye kumsewu waukulu, inkanyamula feteleza, akwati, odwala, ndi maliro omwe. Eni ake sankalola mekaniki aliyense kuikhudza. Chilichonse ankakonza okha pansi pa chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba, ndipo wowathandiza anali mkazi wawo, a Nanzunga.

A Nanzunga sanali mekaniki. Ntchito yawo inali kuunikira ndi tochi, kupatsira zitsulo, ndi kumvetsera amuna awo akukambirana ndi injini ngati akukambirana ndi munthu. Koma zaka zikachuluka, woima pambali amaona zambiri. Ntchito imene anaionera kawirikawiri inali yoseta matapeti. Mukachotsa chivundikiro cha pamwamba pa injini, mumapeza timikono tachitsulo totchedwa matapeti titandandalikana, tomwe timakankha mavalavu, zitseko zing'onozing'ono za m'injini, kuti azitseguka ndi kutseka. Pakati pa kamkono ndi valavu pamafunika kampata kochepa ngati kukhuthala kwa chikhadabo, ndipo kampatako amakayeza ndi kachitsulo kopyapyala ngati lezala kamene amakaniko amati fila. Kampata kakakula, injini imachita phokoso. Kakachepa, injini imakhala chete, koma valavu imapsa.

"Tapeti yolongolola siipha galimoto, Nanzunga," a Kambalame ankatero. "Muziopa yachete."

Ntchitoyi ankaigwira mbandakucha, injini ikadali yozizira, ndipo akamaliza ankamwa tiyi ataimirira pomwepo.

Chaka china, kukumba kachewere kutayandikira, a Kambalame anatsegula injini kuti asinthe gasiketi, chotsekera mpata pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake. Anaimanganso bwinobwino, nabwezera timikono tonse pamalo pake, koma anatisiya tomasula kuti adzasete m'mawa mwake. M'mawa mwakemo anadzuka kusanache, anavala ovolosi, anatsegula boneti. A Nanzunga akubwera ndi tiyi anawapeza atakhala pansi, atatsamira tayala, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Galimoto yoti iwathamangitsire kuchipatala inali yomweyo, yosavundikira mutu. Anawanyamula pa ngolo, ndipo anatsirizika ng'ombe zisanafike n'komwe pamlatho.

Maliro atatha, achibale anagwirizana zoti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka adzakhale pansi anthu akatha kukolola. A Nanzunga anafunditsa injini ija chiguduli, natseka boneti. Zitsulo zonse anaziika m'bokosi lake, bokosilo n'kulilowetsa pansi pa bedi. Pakhomopo anatsala awiri, iwo ndi mwana wawo Felesiya, yemwe anali ndi pakati poyamba ndipo mwamuna wake anali ku Joni. A Dafuleni ankakhala tsidya la khwawa, ndipo ankabwera tsiku ndi tsiku kudzawazonda alamu awo.

Choyamba chinali kaphokoso.

A Nanzunga anali atazolowera kudzuka mbandakucha, ndiye tulo tinkawathera nthawi yomweyo ngakhale panalibenso wowiritsira tiyi. Tsiku lina ali gone anamva kuseri kwa nyumba: ke, ke, ke. Kachitsulo kakugunda kachitsulo kanzake, osati mwamphamvu. Kanasiya, kanayambanso, kenako zii. Anadziuza kuti ndi malata a chisakasa akulira ndi chisanu, chifukwa mwezi wa Juni ku Tsangano ngakhale mwala umanjenjemera. M'mawa wotsatira anakamvanso. Sanauze munthu.

Patapita masiku, a Dafuleni anabwera kudzabwereka sipanala yoti amangire njinga. A Nanzunga anakoka bokosi pansi pa bedi, anafufuza, koma sipanala yaing'ono ija imene malemu ankamangira manati a matapeti munalibe. Sikuludiraiva namonso munalibe.

"Mwina mkulu wanga anaziiwala ku galimoto tsiku lija," a Dafuleni anatero.

"Ndinatola ndekha, alamu. Ndinazipukuta ndi chitenje changa."

Anapita kukaona. Zitsulo ziwirizo zinali pamwamba pa tayala lakutsogolo, zitagonekedwa moyandikana. Mame anali atanyowetsa chilichonse pansi pa chisakasacho, galasi, boneti, matayala, koma zitsulozo zinali zouma. A Dafuleni anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati njinga ija akamangira ndi pulayala. A Nanzunga anazibwezera m'bokosi. Sabata isanathe anazipezanso pa tayala pomwe paja, ndipo ulendo uno panali ndi fila, itatambasulidwa kachitsulo kamodzi kokha mwa tizitsulo take.

Nkhuku ziwiri zimene zinkaikira pansi pa pikapuyo zinasamuka, n'kukayamba kuikira m'khitchini.

Felesiya anali mwana wofatsa, wosafunsafunsa. Koma m'mawa wina akupala moto anati, "Amayi, kodi inu simukumva?"

"Ndi malata, mwanawe."

"Malata satsokomola, amayi."

A Nanzunga anali atachimvanso chitsokomolo chimenecho, chachifupi, chouma, cha munthu amene waweramira injini nthawi yaitali. Ankachidziwa ngati mmene ankadziwira dzina lawo.

Kenako kunadutsa mlendo. Anali bambo wina wogula kachewere, wachipewa chaubweya, yemwe anasochera m'nkhungu pofuna njira ya kumalire. Anatulukira cha kuseri kwa nyumba, n'kuwapeza a Nanzunga ndi a Dafuleni atakhala pakhonde. Atamulozera njira, anathokoza, ndipo akunyamuka anati, "Mukandipepesere kwa bambo aja. Ndawapatsa moni kawiri koma akuoneka kuti atanganidwa."

"Bambo ake ati?" a Dafuleni anafunsa.

"Aja aweramira m'boneti. Nkhope sindinaione, ndangoona msana."

Mlendoyo atapita, a Dafuleni anadzuka, nazungulira nyumba pang'onopang'ono. Boneti inali yotseka. Pansi panalibe phazi la munthu, kupatula la mlendo uja m'kanjira.

A Dafuleni anaganiza kuti mwina chovuta ndi ntchito yosiyira panjirayo, ndipo ikatha zonsezi zitha. Mosauza achibale ena, anapalasa njinga mpaka pa Tsangano Turn-off n'kubwera ndi mekaniki wodziwika, a Saizi, munthu wanthabwala yemwe analowa m'mudzi akuseka. A Saizi anatsegula boneti, anachotsa chiguduli, anasanjika dzanja pa injini kuti atsamire. Analichotsa msanga.

"Mwailiza liti galimotoyi?"

"Siinalire chimwalirire eni ake," a Dafuleni anayankha.

"Gwirani apa."

A Dafuleni anagwira. Chitsulocho chinali chofunda, osati kutentha kwa injini yoti yayenda ayi, koma kufunda kwa mpando umene munthu wangodzukapo. A Saizi analoza timikono tija. Tinali tonyezimira, kalikonse kali ndi dontho la oyilo watsopano pamutu pake.

Nthabwala zinathera pomwepo. A Saizi anabwezera chiguduli, natseka boneti mwaulemu ngati akutseka chitseko cha chipinda cha wodwala.

"Mayi, mundikhululukire," anatero kwa a Nanzunga. "Ntchito iyi ili ndi mwini wake. Ine sindilima m'munda mwa munthu mwini wake ali momwemo."

Tiyi amene anawaikira anamusiya osalawa.

Nkhani inafala m'mudzi. Amayi opita kuchitsime anayamba kulambalala pakhomopo. Ena ankati a Kambalame anapita ndi mkwiyo chifukwa galimoto yawo yomwe inawakana tsiku loifuna. Ena ankati akufuna kutenga wina. A Dafuleni anapempha kuti aitane akuluampingo adzapemphere, ndipo anabwera, anaimba, anapemphera, anabwerera. M'mawa mwake: ke, ke, ke.

Chimene chinkawapweteka a Nanzunga sichinali mantha okha ayi. Anakhala ndi amuna awo zaka zambiri, bamboyo osawakwezerapo mawu, ndipo sankamvetsa chifukwa chimene munthu wofatsa chotero angasautsire banja lake atapita. Masana ena, Felesiya atagona, anapita kuchisakasa n'kuima patsogolo pa pikapuyo.

"Bambo a Felesiya," anatero motsitsa, "ngati pali chimene tinakulakwirani, tiuzeni mwanjira ina. Mwanayu ali ndi pakati. Musamuopseze."

Kuyambira tsiku limenelo kaphokoso kaja kanayamba kubwera molawirira, tambala woyamba asanalire, ndipo sikankapumulanso ngati kale. Kankagunda mofulumira, ngati munthu wogogoda pakhomo poti m'nyumbamo akuchedwa kutsegula. A Nanzunga anaganiza zomutumiza Felesiya kuchipatala cha mishoni kuti akadikirire komweko, ngakhale masiku ake anali akadali kutali. Anakonza zoti anyamuke Lolemba lotsatira.

Lolembalo silinafike. Loweruka, kunja kutangoyamba kutuwa, Felesiya anadzutsa amayi ake. Mimba inali itayamba kuwawa, ndipo ankataya magazi. A Nanzunga anathamangira kwa a Namaseko, mayi wachikulire woyandikana nawo yemwe anaonapo ana ambiri akubadwa. A Namaseko analowa m'chipinda, ndipo sanakhalitsemo.

"Izi si za pakhomo," anatero. "Pezani choyendera, ndipo mupeze tsopano lino."

A Dafuleni anakwera pachulu pamene foni imagwira, naimbira kuchipatala. Ambulansi inali itapita ku boma ndi wodwala wina, ndipo inkayembekezeka masana. Anatsika pachulupo n'kuthamangira kwa alamu awo.

"Alamu, ndikamange ng'ombe."

"Ngolo ayi," a Nanzunga anatero.

"Nanga titani?"

"Ngolo inanditengera mmodzi. Wachiwiri ayi."

Analowa m'nyumba, nakoka bokosi la zitsulo. Linali lopepuka. Apa m'pamene anazindikira kuti chidzukireni sanamve kaphokoso kaja. Kuseri kwa nyumba kunali zii. Anatenga tochi, naipereka kwa a Dafuleni.

"Tiyeni mukandiunikire."

Boneti anaipeza yotsegula, itachirikizidwa ndi kamtengo kake. Chiguduli chinali chopinda bwinobwino pa galasi. Sipanala, sikuludiraiva ndi fila zinali pamalo pake, ndipo kumunsi, pa bawuti yaikulu yozungulitsira injini, sipanala yaikulu inali yokoleka kale. A Dafuleni akuti akanakhala okha akanathawa mpaka ku Ntcheu. Chimene chinawaimika n'chakuti alamu awo anangokwinya manja a juzi, ngati munthu amene wapeza madzi otsukira mbale atamutungira kale.

"Zungulitsani injini pang'onopang'ono," a Nanzunga anatero. "Timikono tiwiri takumapetoto tikamasinthana, kena kakukwera kena kakutsika, muime. Tikatero timaseta tiwiri takutsogolo."

A Dafuleni anagwira sipanala yaikulu ija ndi dzanja limodzi, lina lili ndi tochi. Asanakoke, sipanalayo inayamba kuyenda m'dzanja mwawo. Inkayenda modekha, mosagwedeza, iwo n'kumangoitsatira. Timikono tinayamba kuwerama ndi kudzuka, kenako sipanalayo inaima nji. Tiwiri takumapeto tinali pakati posinthana.

"Alamu," a Dafuleni ananong'ona, "si ine."

"Ndikudziwa. Unikani kuno."

Pa kamkono kalikonse pali kabawuti kokweza kapena kutsitsa, ndi nati yokamanga kuti kasasunthe. A Nanzunga analowetsa fila pakampata, napotoza kabawutiko ndi sikuludiraiva mpaka fila itayamba kukoka pang'ono, ngati mpeni ukamausolola m'sopo, monga ankanenera amuna awo. Mpaka apo zinayenda. Chovuta chinali kumanga nati. Pamafunika dzanja limodzi ligwire kabawuti kuti kasatembenuke ngakhale pang'ono, lina likumanga. Manja a a Nanzunga ankanjenjemera. Atamanga, kabawuti kanatembenuka limodzi ndi nati, ndipo fila inakanirira. Anamasula, nayambiranso. Zinachitikanso chimodzimodzi.

M'nyumba Felesiya anabuula, kubuula kwakutali kwa munthu amene mphamvu zikumuthera.

A Nanzunga anatsamiritsa chipumi pamphepete pa boneti. "Sinditha," anatero. "Ndinkangoonerera ine. Sinditha."

Anapukuta maso ndi phewa, nalowetsanso fila, napotozanso kabawuti. Ataika sipanala pa nati, sikuludiraiva ija inaima m'dzanja mwawo ngati yazikidwa m'simenti. Dzanja lawo linkanjenjemerabe, koma chitsulocho ayi. Pamwamba pa zala zawo, pamene chigwiriro chinatsala, panali pofunda. Anamva fungo la ovolosi, la oyilo wakale losakanikirana ndi sopo wochapira. Sanatembenuke. Anamanga nati, nasolola fila, ndipo inatuluka ikukoka pang'ono, ndendende mmene imafunikira.

Apa m'pamene a Dafuleni anaima pofotokoza paja, n'kucheukira kumbuyo. Akuti kunkazizira kwambiri moti mpweya wa munthu unkaoneka ngati utsi pa kuwala kwa tochi. Ankaona wawo, ankaona wa alamu awo. Ndipo pambali pa phewa la alamu awo, chapamwamba pang'ono, pankatuluka wina, pang'onopang'ono, n'kumasakanikirana ndi winawo. Anatsitsa tochi kuti iunike timikono tokha, ndipo sanaikwezenso.

Ntchito inayenda. Akamaliza tiwiri, sipanala yaikulu inkayenda, n'kuima, a Nanzunga n'kupita pa tiwiri tina. Nthawi ina a Dafuleni anawamva alamu awo akuti, "Eya, ndaona," ngati akuyankha munthu. Kunja kunkayera. Amuna ena a m'mudzi anali atasonkhana chapatali, atafunda mabulangete, osayerekeza kuyandikira.

Atamanga nati yomaliza, a Nanzunga ananyamula chivundikiro kuti avundikire. Pomwepo: ke, ke, ke. Ulendo uno sikanali kuseri kwa khoma. Kanali pansi pa mphuno zawo, pa kamkono kena chapakati.

"Tamaliza, bambo a Felesiya," a Nanzunga anatero. "Mwana akufa m'nyumbamu. Tiloleni tizipita."

Ke, ke, ke.

Sipanala yaikulu inayendanso pang'ono, n'kuima. A Nanzunga anaika chivundikiro pansi, natenga fila, nayesa pa kamkono kaja. Fila sinalowe. Pofulumira paja anali atakamangitsa, kampata kanatsekeka, ndipo galimoto ikanaphonya mphamvu pa chitunda choyamba. Anamasula, naseta bwino, namanga. Kaphokoso sikanabwerenso.

Anavundikira, namanga mabawuti a chivundikiro. Batire inali itafa kalekale, ndiye a Dafuleni anaitana amuna aja kuti adzakankhe. Anazengereza, mpaka a Namaseko atatuluka m'nyumba n'kuwafunsa ngati akudikira kuti adzakumbe manda. Anabwera onse. Nyumba ya a Kambalame ili pamtunda, ndipo kanjira kake kamatsetsereka kukafika kumsewu. Anayala matiresi kumbuyo, anamugoneka Felesiya, a Nanzunga ndi a Namaseko anakhala uku ndi uku, a Dafuleni anakhala pa chiwongolero. Anakankha. Pikapu inatsetsereka mwakachetechete, inadzuma kamodzi, inatsokomola utsi wakuda, kenako inalira. Inalira mosalala, kaphokoso ka matapeti kakumveka pansipansi ngati makina osokera a telala waluso. Amuna okankha aja anaima pamsewu manja ali m'chiuno, ndipo wina anavula chipewa.

Msewu wa kumeneko ndi wa miyala ndi zigwembe, ndipo nkhungu inali yoti sungaone ng'ombe ili pamphuno. Pali chitunda china chachitali chimene pikapuyo inkakwera mokoka miyendo ngakhale eni ake ali moyo. Tsiku limenelo inakwera osadandaula. Kumbuyo, a Namaseko ankayesetsa kumugwira Felesiya kuti mutu usamagunde chitsulo galimoto ikadumpha, koma anaona kuti mutuwo sukugunda. Unkakhala pamalo amodzi, utadzuka pang'ono pamwamba pa matiresi. Felesiya, maso ali otseka, anati, "Ababa, manja anu akununkha oyilo." A Namaseko anayang'ana a Nanzunga. A Nanzunga anayang'ana kumsewu.

Anafika kuchipatala dzuwa likuboola nkhungu. Anamwino anamulandira Felesiya mothamanga, n'kulowa naye kuchipinda cha opaleshoni. A Nanzunga anakhala pabenchi panja, manja ali bii ndi oyilo, osafuna kusamba. Chakumasana dokotala anatuluka n'kunena kuti kwabadwa mwana wamkazi, wamng'ono thupi koma wolira mwamphamvu, ndipo mayi wake apulumuka. Anawonjeza kuti akanachedwa pang'ono, nkhani ikanakhala ina. A Nanzunga anagwada pansi pomwepo pakhonde la chipatala. A Dafuleni anapita kuseri kwa galimoto kuti anthu asawaone nkhope.

Pothamanga paja sanatenge kanthu, ngakhale zofunda, ndowa kapena poto. A Namaseko anati iwo atsala ndi wodwala, a Nanzunga apite akalongedze, akagoneko, adzabwere m'mawa. Choncho madzulo, dzuwa litapendeka, a Dafuleni ndi alamu awo anauyamba wobwerera, onse atakhala kutsogolo. Kumbuyo kunali matiresi okha.

A Dafuleni anayendetsapo pikapu imeneyo kambirimbiri, yodzaza ndi yopanda kanthu, ndipo ankadziwa kusiyana kwake. Madzulo amenewo inkayenda ngati kumbuyo kwakhala munthu, cha kumanzere, pafupi ndi galasi. Pagalasi loonera kumbuyo sanayang'anepo. Komabe awiriwo analibe mantha. Anali ngati anthu ochokera kumunda, otopa, ntchito itatheka.

Mudzi wa Mphanje usanafike pali kanjira kopatukira kumanzere, kolowa m'nkhalango ya manda. Atayandikira pamenepo, padenga la galimoto panamveka kugogoda kawiri ndi chikhatho, mmene amachitira okwera matola akafika potsikira.

A Dafuleni anaponda buleki, naimika pambali. Injini inkalira pansipansi. Anadikira. Kenako galimoto inagwedezeka pang'ono, mbali yakumanzere n'kudzuka, monga imachitira munthu wamkulu akatsika.

A Nanzunga anatsitsa galasi. M'kanjiramo munalibe munthu. Udzu wokha wa m'mphepete unkawerama, pano, kenako patsogolo pang'ono, kenako patsogolo penanso, kulowera kumitengo.

"Ndi mwana wamkazi, bambo a Felesiya," anatero. "Onse ali bwino. Ine ndimayesa mukutisautsa, chonsecho mumatidzutsa. Mundikhululukire. Mwagwira ntchito, zikomo. Kapumeni tsopano."

A Dafuleni nawo anawombera mkulu wawo m'manja mwaulemu, manja ali pamwamba pa chiwongolero. Anakhala pamenepo mpaka udzu utasiya kugwedera, ndiyeno n'kulowetsa giya.

M'mawa mwake a Dafuleni analawirira kuti akawatenge alamu awo kubwerera kuchipatala. Anawapeza atakhala pakhonde, katundu atamanga kale, misozi ikutsika osaipukuta. Pa maliro a amuna awo paja a Nanzunga sanalire kwambiri, moti ena anawanena. Tsiku ili ankalira ngati uthenga wangofika kumene.

"Alamu, kwagwanji? Aimba kuchipatala?"

"Ayi, kuchipatala kuli bwino." Anapumira m'mwamba. "Ndinadzuka nthawi yomwe ija, alamu. Ndinamvetsera mpaka kunja kwayera. Lero sanabwere."

A Dafuleni anakhala pansi pambali pawo, ndipo anawasiya alire mpaka atakhuta. Kenako a Nanzunga anapukuta nkhope ndi chitenje, nadzuka, nasenza mtolo wawo.

"Agona bwino," anatero. "Tiyeni tikaone mdzukulu wawo."